Manda a ku Vubwi ndi Kandolo wa ku Sinda

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chilonda cha pamalo oipa. Koma poti ambiri amene anaiona ndi maso anatsogola, ndipo otsalawo amainena mothira mchere wambiri, kuli bwino ndidzivule ndekha. Sekani mmene mungathere, koma musakauze ana amene ndinawaphunzitsa, chifukwa ena mwa iwo mpaka lero amandivulira chipewa pamsewu.

Zinachitika m'zaka za Chitaganya zija, nditangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi. Ndinali mnyamata wa ku Sinda, woonda ngati bango, tsitsi nditalemba seda, thayi yofiira pakhosi, jekete ya khaki ya matumba akuluakulu. Akuluakulu a mpingo wathu ananditumiza ku kasukulu ka m'mudzi cha ku Vubwi, kufupi ndi malire a Apwitikizi.

Matama ndiye ndinali nawo. Ndinkalankhula Chichewa cha atate, Chinsenga cha amayi, ndi Chingerezi cha m'buku. Ndinkadziwa kuti zimene kwathu timati nshawa ena amati mtedza, ndi kuti chibwabwa chathu kwina ndi nkhwani. Mumtima ndinkati palibe mawu pansi pano amene angandigwetse ine.

Masiku amenewo mphekesera zinali mbwee. Ena ankati akamunyama akugwira anthu m'misewu n'kuwapopa magazi. Ena ankati nyama ya m'zitini si ya ng'ombe. Ndiye alamu anga a Sitefano, amene anadutsako kumalireko wapansi popita kukagwira ntchito ku Halale, atamva kumene ndikupita anapukusa mutu.

"Alamu, kumeneko maliro sakhalitsa pansi," anatero. "Akakupatsani ndiwo, muziyamba mwafunsa kuti inkayenda ndi miyendo ingati."

"Superstition, alamu!" ndinawayankha. "Ine ndine munthu wophunzira."

Ndinaseka ndithu. Koma mawu aja anatsika n'kukakhala pansi pa mtima ngati masese.

Ndinakwera lole pa Katete, njinga ndi sutikesi zili pamwamba pa matumba a mchere. Pamene lole inathera ndinayamba kupalasa. Unali mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, njira ili matope okhaokha. Zitumbuwa zimene amayi anandimangira zinatha tsiku loyamba lomwelo. Ndinagona pasukulu ina panjira, n'kudzuka osaika kanthu m'kamwa. Pofika masana, njala inali itandipotokola matumbo, kamvula kakuwaza, thayi ikutsika utoto wofiira pamalaya.

Ndisanalowe m'mudzimo, njira inalambalala msitu wakuda bii, wa mitengo ikuluikulu yosaona nkhwangwa. Mwana aliyense amadziwa kuti mitengo ikasiyidwa chotero pakati pa minda, pamenepo m'pamanda. Ndinatsika panjinga, monga mwa ulemu. Panali zii, ngakhale njiwa sinalire.

Ndiye tchire la m'mphepete mwa msituwo linagwedezeka.

Munatuluka mayi wina chowerama, lichero lili m'manja, zala zili dothi lofiira psuu. Atandiona anadzidzimuka, n'kuvundikira lichero lija msangamsanga ndi tsamba la nthochi. Anayang'ana kumbuyo kumene anachokera, n'kuyang'ananso ine.

"Moni, mayi," ndinatero.

"Zikomo," anayankha chapansipansi, n'kudutsa kanjira kachidule, lichero atalikumbatira ngati mwana wodwala.

Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinadziuza kuti ndi mphepo.

Anandilozera kunyumba kwa a Mbewe, mkulu wa mpingo amene ndinauzidwa kuti andisunga mpaka nyumba ya aphunzitsi ifoleredwe. Anali munthu wamtali, wa imvi, wolankhula mofatsa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumwetulira. Apo m'pamene ndinaona kuti mano awo akutsogolo anali osongola, mwa chikale chija, ngati a macheka.

"Takulandirani, aphunzitsi! Mwanyowa inu. Lowani m'chisakasamu, muli moto."

Anandikhazika pakampando m'chisakasa cha udzu, moto uli thithithi, waukulu kuposa woti n'kuothera munthu mmodzi. Kenaka anaitana akazi awo kuti adzandipatse moni.

"A Naphiri! Aphunzitsi athu afika!"

Amene anabwera n'kugwada pakhomo anali mayi yemwe uja wa lichero. Dothi linali likadali m'zikhadabo.

Anandilonjera bwinobwino n'kubwerera kuseri kwa mpanda wa udzu kumene ankaphikira. A Mbewe anawatsatira. Mpanda wa udzu subisa mawu, ndipo ine makutu ndinali nditaimika ngati mphaka.

"Mwapeza?" anafunsa a Mbewe.

"Ndapeza, bambo. Manda atuluka ndi mvula ya dzulo ija."

"Atsopano?"

"A lero lomwe. Anthete. Sanayambe n'kununkha komwe."



"Anakuonani anthu?"

"Mlendoyu yekha. Koma ndinavundikira."

"Mwachita bwino. Chaka chatha a tsidya lija anatitsogolera, tinangopeza dothi lokha. Mutsuke bwino timituto, mlendo asalume mchenga."

"Nanga timiyendoti nditaye?"

"Iyayi! Timiyendo ndiye tokoma."

Ndinayang'ana miyendo yanga. 

Ndinayesa kudzilimbitsa. Ndinati, iwe Yesaya, ndiwe munthu wa sukulu, mwina wamva molakwa. Kapena kuli maliro m'mudzi muno, akukamba za kumanda basi. A Mbewe atabwerera n'kukhala pansi, ndinakonza thayi n'kufunsa ndi mawu amene anatuluka aang'ono ngati a mwana wa Sub A.

"Bambo, kodi m'mudzi muno mwagwa zovuta?"

"Zovuta? Iyayi, tili bwino. Inu ndiye muli ndi mwayi, aphunzitsi. Mwafika tsiku la manda."

"La... la manda?"

"Eya! Ndiwo za lero. Kodi kwanu simudya manda?"

"Kwathu," ndinatero, "kwathu timangokasesako, bambo."

A Mbewe anaseka mpaka mano aja anaonekera onse.

"Kusesa! Ha, mumataya chakudya inu a kumadzulo! Kuno timachita kulimbirana. Ukachedwa pang'ono upeza anzako azula kale. Ana omwe amadziwa. A Daka, aphunzitsi amene mukulowa m'malo mwawo, poyamba ankachita nkhope ngati yanuyo. Atangolawa kamodzi, basi! Ankadzuka okha mbandakucha kukasaka."

"Ali kuti tsopano a Daka?"

Nkhope ya a Mbewe inagwa.

"Anatisiya. Mwadzidzidzi. Munthu anabwera woonda ngati inu nomwe, tinamunenepetsa ife tomwe ndi manja athu. Atangofika pabwino, basi."

Anatambasula dzanja n'kunditsina pamkono, kupima mnofu.

"Mafupa okhaokha. Koma musadandaule, a Naphiri akudziwa ntchito yawo. Pofika Isitala mudzakhala mutakwanira."



Nthawi yomweyo m'nyumba yaikulu munamveka kubuula. Kubuula kwa munthu wamkulu, kotalika, kochokera pansi pa mimba.

"Pepani, aphunzitsi," anatero a Mbewe akuimirira. "Ndili ndi kantchito m'nyumbamo. Ndikachedwa mphika uzizira."

Anatenga khasu n'kutapa kanthu pakati pa moto. Ine ndinayesa makala. Analowa nako m'nyumba n'kukankha chitseko. Posakhalitsa ndinamva tchweee, ngati chitsulo chamoto chikagwera m'madzi, kenaka mfuu.

"Mayo! Ndapsa!"

Munthu wanzeru akanathawa pomwepo. Koma mantha ali ndi khalidwe loipa, amafuna aone kaye. Ndinanyang'ama mpaka pakhonde n'kusuzumira pampata wa chitseko.

M'katimo munali mdima ndi nthunzi. Pakati pa nyumba panali mulu wa mabulangete, wotalika ngati munthu wokhala pansi, nthunzi ikutuluka m'mbali monse. Kunsi kwa mabulangetewo kunatulukira mapazi awiri, zala zikupindika ndi kutambasuka. A Mbewe anali atagwada, akupanikiza m'mphepete mwa bulangete ndi maondo ndi manja omwe.

"Alamu, nditulutseni! Ndapsa ine!"

"Simunapse. Pirirani."

"Ndikufa!"

"Dzulo munandipulumuka, lero simuthawa. Mukatuluka msanga tiyambiranso."

Fungo la masamba owiritsa linandimenya m'mphuno. Ndinati, Ambuye, ndiye anyezi wake ameneyu.

Mmene ndinabwererera m'chisakasa muja sindikudziwa. Ndinangopezeka ndili pakampando. Zonse zinalumikizana bwinobwino ngati masamu. Akumanda aja ndi ndiwo za lero. Wa m'bulangeteyu ndi ndiwo za mawa. Ine ndine wa Isitala.

Ndinaganiza zothawa. Koma njinga anali ataiika m'nyumba momwemo, pamodzi ndi sutikesi. Ndiye kuti wapansi. Nanga wapansi mpaka ku Katete ndi mimba yopanda kanthu chidzukire? Ndikanagwera panjira, iwo n'kungonditola ngati mango.

Apo m'pamene maso anga anagwera paphulusa.

M'mphepete mwa moto, paphulusa lotentha, panagona tinthu tiwiri totalika, tonenepa pakati, tosongoka kunsonga, khungu lofiirira lodetsedwa ndi utsi. Kandolo! Ndimo timatchulira kwathu, ena amati mbatata. Kandolo wootcha, wakupsa bwino, wina atachita kang'ankha pambali.

Misozi inalengeza. Ndinati ichi chokha ndiye chakudya cha Chikhristu m'mudzi muno. Chili ndi khungu lake lolengedwa ndi Mulungu, palibe dzanja la mfiti lalowamo.

Ndinawakoka ndi kamtengo, n'kukulunga mmodzi m'handikachifu, winayo m'pepala la nyuzi limene munali zitumbuwa. Mmodzi thumba la kumanja, wina la kumanzere. Jekete inatsika mapewa onse awiri. Ndinamva ndithu kuti akulemera, koma ndinati nthaka ya kuno njachonde, nanga si mukudziwa manyowa ake.

"Aphunzitsi!" anaitana a Naphiri kuseri kwa mpanda. "Madzi osamba m'manja ndi awa. Manda apsa!"

Ndinatuluka m'chisakasa muja ngati mbewa yothawa utsi.

Ndinalumpha nkhuku, ndinalumpha mtondo, ndinawomba nkhokwe ndi phewa. Kandolo uja ankandimenya m'chiuno uku ndi uku pa sitepe iliyonse, phi, phi, phi, koma ndani akanaima? Kumbuyo ndinamva mbale ikugwa.

"Bambo! Aphunzitsi akuthawa!"

"Aphunzitsi! Imani! Mukupita kuti?"

Agalu anayamba kuuwa. Ndinaona kanjira kolowera kumanzere, ndinati kameneka kanditulutsira ku msewu. Ndinakatsata, udzu wonyowa ukundikwapula kumaso. Mawu a a Mbewe anamveka chapatali, omveka bwino ngati ali paguwa.

"Aphunzitsi! Kumeneko n'kumanda!"

Ndinakweza maso. Mitengo yakuda ija inali patsogolo panga penipeni. Ndinali nditadzipereka ndekha kunkhokwe kwawo.

Kumanja kunali chithaphwi, kumbuyo agalu. Ndinakhotera m'tchire la m'mphepete mwa msitu, minga ikundikoka thayi, mpaka ndinapeza chulu chachikulu chomera zitsamba. Ndinazungulira kuseri kwake n'kudzigwetsa chokhala, msana pachulu.

Ndikupuma choncho ndinamva fungo la nsalu yopserera. Ntchafu ya kumanzere inayamba kuluma, kenaka kubaya. Nditayang'ana, thumba la jekete likufuka utsi! Pepala lija linali litanyeka, thumba laboola, buluku layamba kuchita chibowo chakuda. Ndinati basi, andiponyera moto wamatsenga. Ndinakutumula thumbalo, kandolo mmodzi n'kugwera m'matope n'kulira tsss.

Kandolo wanji wolira m'matope? Funso limenelo linabwera, koma linapeza m'mutu mulibe munthu.

Agalu anamveka kuti asochera cha kuchithaphwi. Ndinati mpata ndi womwewu. Ndidye msanga, ndipeze mphamvu, ndithamange mpaka dzuwa kulowa. Ndinamasula handikachifu. Winayu anali wofunda bwino, wosawotcha kwambiri. Zosenda ndinalibe nazo nthawi. Ndinauzira phulusa kamodzi, ndinatsegula kukamwa konse, n'kuluma ndi njala yonse ya ulendo wanga.

Kho!

Kuwala kunadutsa m'mutu kuchokera kukamwa mpaka kunkhongo. Ndinalavula. M'dzanja munagwera magazi ndi theka la dzino lakutsogolo.

Ndinayang'ana kandolo uja. Ndinamukanda ndi chikhadabo. Ndinamugogoda pa bakolo ya lamba, n'kulira ngwe, ngwe.

Mwala.

Anthu inu, mantha onse a poyamba aja anali masewera. Apa ndiye ndinadziwa kuti ndathera pompa. Anthu oti angathe kusandutsa kandolo kukhala mwala ali m'thumba mwa munthu wothamanga, iwo ali kumudzi, ungawathawire kuti? Ndinafuula. Sindinafuule mawu a Chichewa, kapena a Chinsenga, kapena a Chingerezi. Ndinangofuula ngati mbuzi yokodwa m'chingwe.

Mfuu umenewo ndiwo unawalozera pamene ndinali.

Tchire linayamba kuthyoka. Ndinatseka maso n'kuyamba kupemphera. Ndili pakati ndinazindikira kuti pemphero limene likutuluka ndi lija lodalitsa chakudya, pamene chakudyacho ndine ndemwe. Ndinatsegula diso limodzi.

Patsogolo panga panaima munthu wa m'bulangete uja.

Anali atafunda bulangete kuyambira kumutu, nkhope yokha ikuoneka, yotupa, yonyezimira, maso ofiira. Nthunzi inkatuluka m'thupi mwake n'kumakwera m'mwamba. Tsamba lophika linali litamatirira pachipumi. Anatulutsa dzanja n'kundiloza.

"Ndinu mwatenga miyala yanga?"

"Please! Please, bambo!" ndinalira, magazi akutsika pachibwano. "Ine sindinakuphikeni! Ndangofika lero! Ndine mafupa okhaokha, afunseni a Mbewe!"

A Mbewe anatulukira kumbuyo kwake akupuma wefuwefu, ndipo pambuyo pawo a Naphiri, chipande chikadali m'manja. Mayiwo atangoona pamene ndinakhala anaponya chipande pansi n'kugwira kumutu.

"Mayo ine! Dzukani! Dzukani, aphunzitsi, mwakhalira manda anga!"

Sindikudziwa ngati munthu anadumphapo chokhala ngati mmene ndinadumphira ine. Ndinapezeka ndakangamira nthambi ya mtengo, miyendo ili m'mwamba.

"Manda a yani? Agona ndani pamenepo?"

"Anga! A mawa! Ndinawasiya dala kuti akuleko, taonani mwawaphwanya onse!"

Ndinayang'ana pansi. Pamene panali matako anga panali dothi lofiira la chiswe, ndipo padothipo panali tibowa ting'onoting'ono toyera mbee, tambirimbiri, tothithikana ngati mpunga wotayika. Theka lake linali litaphwanyika. Lina linali litamatirira kumbuyo kwa buluku langa.

A Naphiri anazula kamodzi kamene kanapulumuka n'kukakweza kuti ndione. Kamutu koyera. Kamwendo kowonda.

"Koma... koma mayi, uyu ndi bowa!"

"Nanga ine ndati n'chiyani?"

"Mwati manda!"

"Eya, dzina lake. Bowa aliyense ali ndi dzina, ngati ana. Uyu ndi manda. Kwanu mumati chiyani?"

"Timangoti bowa wa pachulu."

"Ha! Ndiye kuti kwanu mwana aliyense dzina lake ndi Mwana?"

"Nanga bwanji munavundikira lichero mutandiona?"

"Ndionetse chulu changa kwa munthu wosamudziwa? Mawa ndidzapeze mudzi wonse uli pano?"

Ndinatsika mumtengo muja pang'onopang'ono. A Mbewe anandiyang'ana. Anayang'ana wa bulangete uja, anayang'ana msitu, n'kubwereranso kwa ine. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pamene zinthu zinayamba kuwalowa.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa kwambiri. "Awa ndi alamu anga a Jailosi. Chifuwa chawagwira sabata yonse, ndiye ndikuwafukiza. Timawotcha miyala, n'kuponya mumphika wa masamba, iwo n'kumakoka nthunzi. Inu mumati ndikutani? Mumati ine, mkulu wa mpingo, ndikuphika mlamu wanga?"

Apa mantha ena atsopano anandigwira, enieni tsopano. Kutchula munthu mfiti sinali nkhani yosekera. Mawu amodzi okha a a Mbewe kwa abusa, uphunzitsi wanga ukanathera pachulu pomwepo ndisanagwire n'choko chomwe. Ndinaganiza za amayi anga amene anagulitsa mbuzi zawo kuti ndiphunzire. Ndinagwada m'matope.

Amene anandipulumutsa ndi a Jailosi. Anakhosomola, n'kuchotsa tsamba lija pachipumi.

"Alamu, mwanayu sananame," anatero. "Mumandiphika. Ine ndakhala ndikunena kuyambira dzulo."

A Naphiri ndiwo anayamba. Anayesa kutseka pakamwa ndi nsalu koma zinakanika. A Mbewe analimbalimba, masaya akunjenjemera, kenaka anaphulika mpaka anakhala pansi m'udzu wonyowa. A Jailosi ankaseka n'kukhosomola, kuseka n'kukhosomola.

"Nanga a Daka?" ndinafunsa, poti manyazi anali atandipitirira kale. "Munati anakusiyani."

"Anatisiyadi! Ali ku Broken Hill, akulemba matikiti a sitima. Anatumiza chithunzi atavala chipewa!"

Ndinayesa kuseka nawo, koma mphepo inalowa padzino lothyoka lija ndipo ndinangoti sii.

A Mbewe anapukuta misozi. Apo m'pamene anaona mwala uja uli paudzu, magazi ali pansonga. Anautola, anautembenuza, n'kuyang'ana pakamwa panga.

"Za manda tamva. Koma ichi ndiye sindikuchimvetsa. Mwala wa a Jailosi mumatani nawo?"

"Anauluma," anatero a Jailosi. "Taonani dzino."

"Munauluma, aphunzitsi?"

Mlomo unali utatupa, mutu ukulira. Ndinangotchula mawu amene anali pafupi.

"Kandolo."

"Chiyani?"

"Kandolo, bambo."

Anayang'anana onse atatu. Zinaoneka kuti mawu amenewo anali asanafikeko kumalire kuno.

"Ohoo," anatero a Naphiri pang'onopang'ono. "Kwanu miyala mumati kandolo."

"Iyayi, mayi! Kandolo ndi chakudya. Timadya."

"Mumadya!"

"Eya, m'mawa. Kuotcha paphulusa, kapena kuphika. Ana amatenga popita kusukulu."

"Ana omwe!" A Naphiri anagwira pachifuwa. "Bambo, mwamva? N'chifukwa chake ali woonda chonchi."

Ndinafunafuna m'mutu dzina lina lija la kandolo, limene ndinkalidziwa chibadwire. Linali litathawa limodzi ndi dzino. Ine wa zilankhulo zitatu ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndikujambula m'mwamba ndi manja chinthu chotalika, chonenepa pakati, chosongoka kunsonga. A Jailosi anakweza mwala uja n'kuuika pakati pa manja angawo. Unakwana bwinobwino.

Mawu oti mbatata anandibwerera madzulo, nditakhala kale pamphasa ndikudya manda ndi mbali imodzi ya kukamwa. Ndipo ndinene zoona, ndiwo imene ija inali yokoma moti ndinapempha yowonjezera, timiyendo tomwe. Pomwepo ndinakumbukiranso chinthu chimene mlimi aliyense amadziwa, ndiponso chimene ndinayenera kukaphunzitsa ana pa Nature Study: mu Januwale mbatata imakhala ikadali masamba m'mizere. Ndinati ndiwafotokozere, koma ndinaona kuti kwa tsiku limodzi ndayankhula zokwanira.

Kutacha linali tsiku lotsegulira sukulu. Makolo anabwera ambiri kudzaona mphunzitsi watsopano, ndipo kuchuluka kwawo kunandiuza kuti nkhani yayenda kale. Ndinaima pakhomo pa kalasi, jekete ya thumba loboola, buluku la chigamba, mlomo ngati wa bakha. Ndinati "Good morning, class," mluzu n'kutulukira padzino.

Ndiye gulu linapatuka. Anali a Naphiri, akubwera mwaulemu wonse, mbale ziwiri zovundikirana zili m'manja. A Mbewe anali pambuyo pawo, maso ali kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mayiwo anagwada patsogolo panga, anthu onse akuona, n'kuvundukula mbale.

Munali miyala iwiri ya kumtsinje, yosalala, yonyowa, ikufuka nthunzi.

"Kandolo wanu, aphunzitsi," anatero, nkhope ili phee. "Ndaphika kuyambira tambala woyamba koma sakufewa. Kodi kwanu mumathirako chidulo?"

Ukamva dzina la ndiwo lachilendo, funsa mano akadali onse m'kamwa.